Ndodo ya Mbedza Imalimba Pomanga

Ana anga ndi adzukulu anga a kuno kwa Chulu, anyamata ndi atsikana omwe, tcherani khutu. Fodya akatha m'zigafa, mabelo atapita ku Chinkhoma, chimanga chili m'nkhokwe, ambiri a inu mumatsikira kumaiwe a m'madambo ndi kumtsinje wa Dwangwa kukawedza. Ndi chinthu chabwino, pakuti ndiwo za m'madzi zalera mabanja ambiri kuno. Koma masiku ano ndikuona kuti mitima yanu yatengeka ndi ndodo zija mumaziona pa foni ndi m'masitolo a m'tauni, zokhala ndi timphete tomwe chingwe chimadutsamo. Ena mwayesa kudzipangira. Mwapinda waya, mwamangirira ndi malegeni kapena seloteipi, ndipo tsiku loyamba lomwelo mlamba wagulula timphete tonse. N'chifukwa chake ndati ndikuuzeni mmene ntchitoyi imagwiridwira, kuyambira podula nsungwi mpaka popaka vanishi. Ndodo ya mbedza imalimba kapena kufooka pamalo pomwe mwamanga, ndipo pamenepo ndi pomwe ambiri a inu mumapupuluma.

Poyamba, musanyoze ndodo ya makolo. Bango kapena nsungwi, chingwe cha bwazi kapena cha khonje chomangidwa kunsonga, kaphesi koyandama ndi nyongolotsi kumbedza, zimenezi zagwira matemba ndi makumba osawerengeka. Ngakhale ku Japan, dziko lomwe kampani ya Fuji imapanga timphete todziwika padziko lonse, alipo akatswiri owedza m'mitsinje ya m'mapiri ndi ndodo yopanda kamphete ngakhale kamodzi, chingwe chili kunsonga ngati kwathu kuno. Koma ndodo yotereyi ili ndi malire ake. Chingwe sichingatalike kwambiri kuposa ndodoyo, choncho nsomba zikakhala pakati pa dziwe mumakakamizika kulowa m'madzi, momwe muli likodzo, ndipo m'maiwe ena muli ng'ona. Komanso mlamba wamkulu, womwe umatha kupitirira makilogalamu 10, ukakoka mulibe chingwe choti muupatse. Mphamvu yonse imathera kunsonga, ndipo chimodzi chimaduka, nsonga kapena chingwe.

Timphete timathetsa mavuto awiriwa. Timalola chingwe chachitali kuchoka pa chokulungira, chomwe ena amati rilu, n'kuyenda bwinobwino mpaka kunsonga, kotero mumaponya patali muli chiimire pamtunda. Timagawanso kulemera kwa nsomba m'ndodo yonse, kuti ipindike yonse pamodzi m'malo mothyokera pamalo amodzi. Ndiye kuti kamphete kalikonse kamasenza gawo lake la katundu, ndipo chokagwira si china ayi koma ulusi. Dziwani kuti ndodo zodula za kunja, zija za nsungwi ya ku China yong'ambidwa zidutswa zisanu ndi chimodzi n'kumatidwa pamodzi, zija za fiberglass zomwe zidafala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ngakhale za graphite zomwe zidabwera m'ma 1970, zonsezo timphete take timamangidwa ndi ulusi. Palibe msomali, palibe kuboola. Luso lake ndi la zala, ndipo zala muli nazo.

Mmera mpoyamba, choncho sankhani nsungwi ndi maso awiri. Dulani m'chilimwe, nsungwi yokhwima ya zaka zitatu kapena kuposerapo, yomwe yasiya kubiriwira kwa unthete. Yaing'ono imakhala ndi madzi ambiri, imakwinyika pouma ndipo siichedwa kufumbwa. Funani yoonda, yoyamba kutsinde ndi kukula kwa chala chachikulu cha kumanja n'kumacheperachepera mpaka kunsonga, yotalika mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ipachikeni pamthunzi, m'chigafa momwemo, kunsonga kuli kumwamba ndipo kutsinde mutamangirirako mwala, iume miyezi iwiri kapena itatu. Padzuwa imang'aluka. Pomwe yakhota, iwambeni pamakala osayaka malawi, mukuitembenuza, mpaka ifewe, kenaka muwongole ndi manja mutagwirira nsanza, n'kuigwira chomwecho mpaka izizire. Mfundo zake zisalazeni pang'ono ndi tupa. Koma khungu lake musalipale ayi, chifukwa mitsempha yolimba ya nsungwi ili pansi pa khungu pomwepo. Wopala nsungwi kuti iwale wachotsa mphamvu yake.

Ndodo iliyonse ili ndi mbali yomwe imafuna kupindikira. Kuti muipeze, ikani tsinde pasimenti kapena pathabwa losalala, kunsonga kutsamire pachikhatho chanu ndodo itapendekeka, ndipo ndi dzanja linalo dinikizani pakati mukuigubuduza pang'onopang'ono. Mudzamva ikudumphira pamalo amodzi n'kukhazikika. Lembani ndi pensulo mkati mwa kupindikako. Ngati rilu yanu ndi yolendewera pansi pa ndodo, monga zambiri zomwe zimagulitsidwa kuno, timphete tonse tikhale pamzere umenewo. Mukapanda kutero, nsomba ikakoka ndodo imapotokola m'manja, ndipo kupotokola komweko ndi komwe kumasula ulusi.

Tsopano timphete. Amene ali ndi ndalama agule ta m'sitolo, tokhala ndi kadongo kolimba kosalala mkati. Amene alibe asadandaule, pakuti sipoko ya njinga ilipo. Funani sipoko kapena waya wosachita dzimbiri. Waya wamba amachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limadya chingwe. Waya wa kopa ndi wofewa, chingwe cha nayiloni chimakumbamo kanjira, ndipo kanjirako kamadzasanduka mpeni. Zungulizani wayayo pa chinthu chobulungira, msomali waukulu kwa timphete tating'ono, kapaipi kwa tikulutikulu, n'kusiya timiyendo tiwiri, kena koloza kunsonga, kena kutsinde, kalikonse kotalika sentimita imodzi ndi theka. Kamphete koyandikira rilu kakhale kakakulu, pafupifupi mamilimita 25 m'kamwa mwake, ndipo kaime motalikirako ndi ndodo, chifukwa chingwe chimachoka pa rilu chikuzungulirazungulira. Totsatira tizichepa mpaka ka kunsonga, ka mamilimita 6 kapena 8.

Apa pali ntchito yomwe ambiri amailumpha. Timiyendo tija tiphwatalaleni ndi hamala, kenaka musongole nsonga zake ndi tupa kuti zitsetsereke mpaka kupyapyala, kuti ulusi uzikwera popanda kulumpha. Kunsi kwa kamwendo kukhale kosalala, kopanda chakuthwa chomwe chingabaye khungu la nsungwi, chifukwa ndodo imadzathyokera pabala pomwepo. Ikani kamphete patebulo. Ngati kakugwedera, pindani mpaka timiyendo tonse tigone pansi. Pomaliza tengani kathonje, mukadutsitse m'kamphete. Thonje likakodwa, ndiye kuti chingwenso chidzakodwa. Kwechani ndi sandipepa wosalala kufikira thonje litadutsa lopanda kusiya ubweya.

Nanga timphete tingati, ndipo pati? Amisiri amawerenga kamphete kamodzi pa masentimita 30 alionse a ndodo, osawerengera ka kunsonga. Ndodo ya mamita awiri ndi pang'ono imafuna timphete 7, kuonjezapo ka kunsonga. Koma musatiike motalikirana mofanana. Kunsonga, komwe ndodo imapindika kwambiri, tithinane, ndipo mipata izikula potsikira kutsinde. Mungayambe chonchi kuchokera kunsonga: masentimita 10, kenaka 12, 14, 17, 20, 24 ndi 28. Awa ndi poyambira chabe, pakuti nsungwi sizifanana. Gwiritsani timphete ndi timalegeni topyapyala, lowetsani chingwe, mangirirani botolo la madzi kunsonga kwa chingwecho, n'kunyamula ndodo pang'onopang'ono mnzanu akuyang'ana chapambali. Chingwe chiyenera kutsata kupindika kwa ndodo. Pomwe chapanga ngodya yakuthwa, kapena pomwe chatalikirana kwambiri ndi ndodo, sunthani kamphete kapena onjezani kena. Pewaninso kuika kamwendo pamfundo penipeni, chifukwa sikagona bwino. Mukakhutira, lembani malo onse ndi pensulo. Malegeni ntchito yawo yathera pamenepa, yogwirizira chabe.

Ulusi womangira ukhale wa nayiloni kapena poliyesita, wopyapyala koma wolimba, monga uja amasokera ma jini kapena mipando. Wa thonje umaola ukanyowa. Uja wopakidwa phula wosokera nsapato ndi wolimba ndithu, koma vanishi salowamo. Musanyengeke ndi ulusi wonenepa poganiza kuti ndiwo wamphamvu. Mizere yambiri ya ulusi wopyapyala yogundana bwino imagwira kuposa mizere yochepa ya chingwe chachikulu. Konzaninso pogwirira ntchito. Tengani katoni, dulani timipata tiwiri m'mbali mwake kuti ndodo igonepo n'kumatembenuka. Ulusi uikeni m'kapu kuti usagubuduzike, ndipo udutse pakati pa masamba a buku lolemera. Bukulo ndi lomwe limasunga kukoka kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sambani m'manja, pakuti mafuta ndi utomoni wa fodya zimaletsa vanishi kugwira.

Kumanga kumayambira pandodo penipeni, pafupifupi theka la sentimita musanafike pa kamwendo. Zungulizani ulusi kamodzi, upingase pamwamba pa nsonga yake, kenaka tembenuzani ndodo kuti mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ipondereze nsongayo. Dulani yotsalayo ndi lezala. Zindikirani kuti chotembenuka ndi ndodo, dzanja logwira ulusi limangolondolera. Pitirizani, mzere uliwonse ukugona mogundana ndi unzake, osakwerana, osasiya mpata, ndipo chikhadabo chanu chizikankhira mizere pamodzi. Pofika pa kamwendo chepetsani liwiro, ulusi ukwere pachitsetse mudasongola chija. Mukafika pakati pa kamwendo, chotsani kalegeni. Za kukoka, musamange ngati mukumanga mtolo wa nkhuni. Ulusi wothina kwambiri umafinya nsungwi, ndipo kamphete simungakasunthenso. Wolefuka umagulula. Muyeso wake ndi uwu: mukamaliza, kamphete kazisuntha pang'ono mukakakankha mwamphamvu ndi chala, koma kasagwedere pakokha.

Pomaliza sipamangidwa mfundo. Kutatsala mizere 8 kuti mufike pomwe kamwendo kakwerera kumphete, tengani kaulusi kena, kapindeni pawiri, kagonekeni pandodo khwekhwe lake likuloza komwe mukupita, n'kumanga pamwamba pake mizere yotsalayo. Dinikizani ndi chala, dulani ulusi, lowetsani nsonga yake m'khwekhwe, ndipo kokani kaulusi kaja kubwerera m'mbuyo. Nsonga imalowa pansi pa mizere n'kutulukira pakati, ndipo mumaidula pomwepo ndi lezala yatsopano, mosamala kuti musacheke mizere. Inu ana a alimi a fodya simuyenera kudabwa nazo. Pomanga timitolo ta fodya wosankhidwa, tsamba lomangira limazungulira mapesi, nsonga yake n'kulowetsedwa pakati pa masamba, ndipo kamtoloko kamafika kumsika kosamasuka ngakhale palibe mfundo. Nzeru yake ndi yomweyo. Mukatero, salazani mizere ndi chinthu chosalala monga chivindikiro cha bolopeni, kuchokera m'mbali kupita pakati, kuti timipata titsekeke.

Ngati mwaona mzere wakwera unzake, masulani mubwereze. Ndikunena izi motsindika, chifukwa apa ndi pomwe mtima umanong'oneza kuti vanishi adzabisa. Vanishi amabisa kumaso kokha. Mzere wokwerana ndi womwe umayamba kukhuzika n'kuduka, ndipo pampata mpomwe madzi amalowera n'kudyetsa dzimbiri kamwendo. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndodo yowala yomangidwa mwachinyengo imadzakuchititsani manyazi tsiku lomwe mwakola nsomba yomwe mwaidikira chaka chonse. Kubwereza kamphete kamodzi kumatenga mphindi zochepa, pomwe kukonza ndodo yopakidwa kale kumafuna kupala zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kamphete ka kunsonga kamafuna chisamaliro choposa, pakuti ndiko kamakhuzidwa kwambiri ndi chingwe, ndipo nsungwi pamenepo ndi yoonda. Yambani mwakulunga nsongayo ndi ulusi wokhawokha masentimita atatu, kenaka gonekani timiyendo tonse tiwiri motsata ndodo pamwamba pa ulusiwo, n'kumanganso. Timphete tikulutikulu ta kutsinde mungatichitirenso chimodzimodzi ngati mukufuna ndodo ya milamba. Zonse zikatha, musanapake kanthu, kwezani ndodo muyang'ane kuchokera kutsinde kudzera m'timphete. Tonse tiyenera kuonekera pamzere umodzi. Kokhota kakankheni ndi chala tsopano, chifukwa mukapaka mwayi watha.

Popaka, ambiri mumathamangira supa guluu. Musatero. Amauma mogong'a, ndodo ikapindika amasweka, ndipo akagwera pa thonje amatentha mpaka kufuka utsi. Vanishi wa mipando ndi wabwino. Pakani ndi kaburashi kakang'ono kapena nthenga, mopyapyala, alowe mu ulusi ndi m'timipata ta m'mbali mwa kamwendo, apitirire pang'ono pandodo kuti madzi asapeze polowera. Dikirani aume tsiku lathunthu, pakaninso, mpaka katatu kapena kanayi. Mukapeza epoxy, guluu uja wa machubu awiri, sankhani wouma pang'onopang'ono, sakanizani miyeso yofanana, ndipo mukapaka muzitembenuza ndodo pang'ono mphindi 10 zilizonse kwa maola awiri, kuti asaunjikane mbali imodzi. Polishi woyera wa zikhadabo amathandiza pakagwa ngozi, koma sakhalitsa. Umitsirani m'nyumba, kutali ndi fumbi la m'chilimwe. Ndodo yonsenso ipakeni vanishi kamodzi kapena kawiri kuti isamwe madzi.

Ndodo yomangidwa bwino isamalidwenso bwino. Mukabwera kowedza ipukuteni, muipachike choimirira, osaitsamiritsa pakona pomwe ingakhote. Mbedza musaikolowetse m'kamphete poyenda, imakanda mkati. Chaka chilichonse dutsitsaninso kathonje m'timphete, ndipo komwe kayamba kukumbika kasintheni. Podula ulusi wakale, lezala iziyenda pamwamba pa kamwendo, osati pansungwi. Luso limeneli ndi ndalamanso. Alipo ambiri omwe amataya ndodo za m'sitolo chifukwa kamphete kamodzi kaguluka, ndipo wodziwa kumanga amaidzutsa ndodoyo ndi ulusi wa ndalama zochepa. Ndipo pomwe simukumvetsa, pitani kwa oluka miono ndi malichero, omwe amaidziwa nsungwi kuposa tonsefe, kapena kwa okonza njinga, omwe amadziwa waya. Safunsa anadya phula.

Tsopano mverani chifukwa chenicheni chomwe ndatayira nthawi pa ulusi ndi waya. Nsomba zikuchepa m'mitsinje yathu, ndipo tonse tikudziwa chomwe chikuzimaliza. Ndi katupe wothiridwa m'maiwe, ndi mankhwala a kumunda omwe ena amathira m'madzi kapena kutsukiramo mapampu, ndi maneti a udzudzu omwe adaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo koma akukokolola ndi timwana ta nsomba tomwe. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, komabe ngakhale lamulo likadapanda kunena, nzeru yokha ikukana. Dziwe lothiridwa mankhwala limapha zonse tsiku limodzi, ndipo madzi omwewo ndi omwe ng'ombe zimamwa ndi amayi anu amachapira. Onani mpasa wa mumtsinje wa Bua, nsomba yomwe imakwera kuchokera kunyanja kudzaswana. Idali yambiri, lero yasowa, chifukwa chotchingiridwa panjira ndi kuwonongeka kwa mitsinje. Mbedza imagwira nsomba imodziimodzi, ndipo imakupatsani mpata wosankha. Yaing'ono ibwezeni. Mvula yoyamba ikagwa, milamba ikamakwera m'madambo ili ndi mazira, ilekeni iswane. Munthu amene wakhala pansi n'kugoneka mizere ya ulusi umodziumodzi waphunzira kale kudikira, ndipo wotereyu sathira katupe.

Dziwaninso malire. Nkhalango ya Kasungu, yomwe idakhala paki mu 1970, ndi yotetezedwa pamodzi ndi madzi ake, ndipo wolowamo kukawedza popanda chilolezo wapalamula mlandu pa lamulo la nyama zakutchire, lomwe zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2017. Kuonjezera apo, mu 2022 mudabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti kukumana nazo kumtsinje m'mamawa kapena chakumadzulo si nkhani yamasewera. Dwangwa ndi wautali, amachokera m'nkhalangomo mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo malo owedza kunja kwa mpanda alipo. Musapite nokha. Kukayamba ziphaliwali, gonekani ndodo pansi mubwerere kumudzi. Ndipo kuwedza kusalande nthawi ya sukulu kapena ya kunazale.

Choncho ana anga, chilimwe chino dulani nsungwi zanu, ziume pomwe mukugwira ntchito zina. Sonkhanitsani masipoko, ulusi ndi kabotolo ka vanishi. Khalani awiriawiri, wina akutembenuza, wina akuyang'ana mzere. Woyamba kudziwa aphunzitse mng'ono wake, ndipo mlongo wake asamusiye, pakuti zala za atsikana zozolowera singano zimaigwira msanga ntchitoyi. Musatulutse m'nyumba ndodo yomwe mukudziwa mumtima kuti penapake mwabisa cholakwika. Mangani bwino, wedzani mwaulemu, ndipo musiyireko nsomba ana omwe mudzabereke.